Kusankha njira zoyezera madzi a m'gombe pafupi ndi paipi ya suweji

Munthu akangopatsidwa udindo woyang'anira ukhondo wa madzi a m'gombe la nyanja yamchere, pafupi ndi pamene suweji imathira, ogulitsa makina sachedwa kumupeza. Wina ali ndi sensa yotumiza manambala pa foni mphindi 15 zilizonse, wina droni, wina zithunzi za setilaiti, winanso kaboti koyenda kokha. Zambiri mwa zipangizozi zimagwiradi ntchito imene anazipangira. Chimene ogulitsa satchula msanga n'chakuti chipangizo choyankha mwachangu sichiona tizilombo todwalitsa anthu, pamene njira yoona tizilomboto imabweretsa yankho mawa lake, anthu atasambira kale. Ntchito yanu ndi yolumikiza njira yofulumira ndi njira yochedwayo, pogwiritsa ntchito ndalama zimene muli nazo, moti zonse zizidzayendabe pakatha zaka zisanu. Nayi ndondomeko imene ndikuona kuti imathandiza.

Choyamba: lembani funso musanatsegule kabuku ka wogulitsa

Tengani pepala mulembe chiganizo chimodzi chokha: manambala akabwera, ndani adzachita chiyani, ndipo pasanathe nthawi yaitali bwanji?

Madzi ndi amodzimodzi, koma ofuna kuwadziwa ali ndi nkhawa zosiyana. Woyang'anira gombe losambirapo akufuna kudziwa m'mawa womwe uno ngati aimike chikwangwani choletsa anthu kulowa m'madzi. Bungwe loona za chilengedwe likufuna umboni woti n'kupita nawo kukhoti, wosonyeza ngati mwini paipi akusunga zimene zili m'chilolezo chake. Oweta nkhono za m'nyanja monga ma oyster ndi ma mussel amadera nkhawa mavairasi amene amakhalitsa m'thupi mwa nkhonozo. Ndiye pali funso la pang'onopang'ono lija: kodi nyanja ya pamalopo ikusintha chaka ndi chaka, ndere zikuchuluka, okosijeni wa pansi akuchepa? Funso loyamba limafuna yankho la maola ochepa, lachiwiri limafuna mabotolo osainidwa ndi labotale yovomerezeka, lomalizali limafuna zaka. Thumba lanu likakhala laling'ono, sankhani funso limodzi lalikulu, enawo adikire.

Chachiwiri: dziwani kumene madzi a m'paipi amalowera

Apa m'pamene ambiri amathamangira, chonsecho m'pamene pagona nkhani yonse. Sensa yabwino kwambiri ikaikidwa pamalo pamene suweji sidutsa, tsiku lililonse izingokuuzani kuti zonse zili bwino.

Suweji ndi madzi opanda mchere, ndipo madzi a m'nyanja amawaposa kulemera ndi magawo pafupifupi 2.5 pa 100 aliwonse. N'chifukwa chake madzi otuluka m'paipi ya pansi pa nyanja amakwera m'mwamba, uku akusakanikirana ndi amchere. Mapaipi omangidwa bwino amathera ndi chigawo cha mabowo ambiri kuti kusakanikiranaku kuchitike msanga. Paipi ya ku Boston, ku United States, imene inayamba ntchito mu September 2000, ndi yaitali makilomita pafupifupi 15 ndipo imatulutsira madzi pa malo 55, pa kuya kwa mamita pafupifupi 30. Ku Sydney, ku Australia, kuli mapaipi atatu otere, amene anatsegulidwa mu 1990 ndi 1991, othira pa kuya kwa mamita 60 mpaka 80. Koma m'magombe ambiri pa dziko lapansi paipi imangothera pamene mafunde amaswekera, kapena mumtsinje umene ukukalowa m'nyanja. Zipangizo zoyenera malo amitundu iwiriyi n'zosiyana kwambiri.

Madziwo safika pamwamba nthawi zonse. M'nyengo yotentha nyanja imagawikana, madzi ofunda pamwamba, ozizira ndi olemera pansi, ndipo madzi a m'paipi amatha kutsekeredwa pakatikati. Woyeza pamwamba pokha saona kalikonse mpaka tsiku limene mphepo idzavundule nyanja kapena kukokera madzi a pansiwo kugombe. Palinso kudzala ndi kuphwa kwa nyanja. M'magombe ambiri nyanja imadzala kawiri pa tsiku, pakadutsa maola 12 ndi mphindi 25, ndipo mphamvu yake imasinthasintha m'masabata awiri aliwonse: imadzala kwambiri mwezi ukakhala wathunthu ndiponso ukakhala mumdima. Madzi amene m'mawa analowera kumpoto, masana akhoza kubwerera kumwera.

Kuti mudziwe zonsezi simufunika kugula zambiri. Pemphani mapulani a paipi, kuchuluka kwa madzi odutsamo pa ola, ndi masiku amene suweji inasefukira isanayeretsedwe. Yendani wapansi gombe lonse nyanja itaphwa, mukulemba ngalande iliyonse, kamtsinje kalikonse, zimbudzi, makola a ziweto, pokochezera maboti ndi pamene mbalame zimasonkhana. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limawerengera kuyendera kotereku pamodzi ndi zotsatira za ku labotale poika gombe m'gulu lake, ndipo si zachilendo kupeza kuti chodetsa madzi a osambira ndi kangalande ka madzi a mvula kamene kali pambali pawo pomwepo, paipi yaikulu ija ilibe mlandu.

Kenako ponyani pakamwa pa paipi zoyandama zingapo zomangirira GPS, muzitsatire pa boti nyanja ikamadzala ndi ikamaphwa. Ngati mwapeza chilolezo, thirani utoto wa Rhodamine WT m'paipi. Ndi wofiirira, ndipo kachipangizo koyeza kuwala kamauzindikira ngakhale maso atasiya kuuona. Chenjezani anthu a m'deralo musanathire, apo ayi foni yanu sipuma tsiku limenelo. Makina a ADCP, amene amayeza liwiro la madzi ndi kumene akulowera, bwerekani kwa mwezi umodzi m'malo mogula, chifukwa mwezi umakwanira kuona kudzala kwakukulu kawiri. Chimene ndingagule pa gawo lino ndi CTD, chipangizo chotsitsa ndi chingwe kuchokera m'boti, choyeza mchere, kutentha ndi kuya kwa madzi. Mapulogalamu a pakompyuta monga CORMIX ndi Visual Plumes amawerengera kusakanikirana kwa madzi pafupi ndi paipi, koma mukawapatsa manambala ongopeka, nawonso amabweza zopeka.

Musaiwale kusankha malo amodzi akutali kumene suweji sifika, oti muziyerekezera nawo. Ndipo ngati paipi sinamangidwe, yambani kuyeza lero. A ku Boston anayamba mu 1992, zaka 8 paipi isanatsegulidwe, ndipo ndi manambala a zaka zimenezo amene amawathandiza kusiyanitsa kusintha kobwera ndi paipi ndi kusintha kwa nyanja payokha.

Chachitatu: botolo ndi labotale

Gawo ili simungalidumphe ngati funso lanu likukhudza thanzi la anthu. Matenda a m'mimba, a m'makutu, a m'maso ndi a pakhungu amene osambira amatenga amachokera ku tizilombo tamitundumitundu, ndipo kusaka mtundu uliwonse paokha n'kodula. M'malo mwake amawerenga mabakiteriya okhala m'matumbo, ngati chizindikiro chakuti chimbudzi chafika m'madzi. M'madzi amchere, mabakiteriya odalirika kwambiri ndi enterococci. E. coli amafa msanga mumchere, choncho akhoza kuonetsa ngati madzi ali bwino pamene sali bwino.

Malangizo a WHO a 2021 amaika malire pa enterococci 200 m'mamililita 100 a madzi, kutanthauza kuti masampulo 95 pa 100 aliwonse asapitirire pamenepo. Lamulo la European Union la 2006 limaika gombe la kunyanja yamchere m'gulu lapamwamba zedi pa enterococci 100, ndi m'gulu labwino pa 200. Ku United States, bungwe loona za chilengedwe la EPA mu 2012 linaika 35 ngati avareji ya masiku 30, yowerengedwa mwa njira ya geometric mean, ndi 130 ngati mlingo umene masampulo osaposa 10 pa 100 angaupitirire. Manambala amenewa sangosinthanitsidwa, chifukwa kawerengedwe kake n'kosiyana. Yambani ndi malamulo a dziko lanu, pakuti ndiwo adzagwire ntchito mukadzafika kukhoti. Zindikiraninso kuti sampulo imodzi siweruza gombe. Pamafunika masampulo ambiri ndithu, otengedwa kwa nyengo zingapo.

Njira zofala zowerengera mabakiteriyawa ndi ziwiri. Ina ndi kusefa madzi pa kapepala kogwira mabakiteriya, kukaika pa mbale ya chakudya chawo, n'kuwerenga timadontho timene tamera. Njira ya EPA yotchedwa Method 1600 imatenga maola 24. Inayo ndi ya Enterolert: mumasakaniza madzi ndi ufa wake, kuthira m'thireyi ya tizigawo 97, kumata, kufunditsa pa madigiri 41 kwa maola 24, kenako kuwerenga tizigawo towala pansi pa nyale ya UV. Yachiwiriyi munthu amaiphunzira msanga, ndipo ndi imene ndingayambire pamalo pamene palibe akatswiri ambiri. Kumbukirani kuti pa njirayi madzi amchere amayenera kusungunulidwa kaye, gawo limodzi m'magawo 10.

Zotsatira zambiri zimawonongekera panjira, labotale isanakhudze n'komwe botolo. Botolo likhale lophedwa tizilombo. Tungani masentimita pafupifupi 30 pansi pa madzi, pamene anthu amasambira, musanavundule mchenga ndi mapazi. Liikeni mumdima, pa ayezi, ndipo lifike ku labotale pasanathe maola 6. Dzuwa limapha mabakiteriya amenewa, motero gombe lomwelo limaoneka loipa m'mawa ndi labwinoko masana. Sankhani ola limodzi la m'mawa, muzilisunga. Ndipo musamangopita tsiku lowala bwino chifukwa boti limayenda mosavuta. Masiku oipa kwambiri ndi a mvula. Ngati labotale ili kutali ulendo wa tsiku lonse, ndalama zanu zoyamba zipite ku kachipinda kakang'ono pafupi ndi gombe, kokhala ndi makina ofunditsira masampulo, firiji ndi magetsi osazimazima. Zimenezi zithandiza kuposa sensa ina iliyonse.

Nanga njira zofulumira? Njira ya qPCR imawerenga DNA ya mabakiteriya ndipo imapereka yankho tsiku lomwelo, patangopita maola ochepa sampulo itafika. Imafuna chipinda chaukhondo kwambiri, mankhwala osungidwa mozizira ndi munthu wophunzitsidwa bwino. Imawerenganso mabakiteriya akufa, choncho pafupi ndi paipi imene madzi ake amathiridwa klorini ikhoza kusonyeza manambala okwera pamene njira yakale ikusonyeza otsika. Dera la San Diego ku California linayamba kugwiritsa ntchito mtundu wina wa njirayi, ddPCR, mu 2022, ndipo zikwangwani zochenjeza zinachuluka m'magombe a kumwera, pafupi ndi malire a Mexico. Mukasintha njira yoyezera, konzekerani kufotokozera eni mahotela ndi andale chifukwa chake manambala asintha.

Phindu lina la DNA, limene ine ndimaliona kukhala lalikulu kuposa liwiro, ndi kudziwa mwini chimbudzicho. Enterococci amachokeranso kwa mbalame, agalu ndi ng'ombe. Zizindikiro za DNA monga HF183, kapena vairasi ya crAssphage imene inadziwika mu 2014, zimaloza kwa munthu. Simufunika kuyeza zimenezi sabata iliyonse. Sefani madzi, sungani timapepala tosefera mufiriji yozizira kwambiri, ndipo muzitumize ku labotale yaikulu pamene pabuka mkangano woti wadetsa gombe ndani.

Chachinayi: masensa okhala m'madzi

Musanakopeke nawo, chitani kasamu aka. Madzi a m'nyanja ali ndi mchere magalamu pafupifupi 35 pa kilogalamu. Tiyerekeze kuti gawo limodzi la suweji lasakanikirana ndi magawo 99 a madzi a m'nyanja. Mchere utsika kuchoka pa 35 kufika pa 34.65, kusintha kochepa kumene mvula kapena kamtsinje kapafupi kakhoza kubweretsanso. Koma ngati suwejiyo inali ndi enterococci 100,000 m'mamililita 100, zimene si zachilendo pa suweji yosayeretsedwa, otsala ndi 1,000, kasanu kuposa malire a WHO aja. Madzi akhoza kuoneka oyera kwa maso ndi kwa sensa, koma ali odwalitsa.

Izi sizikutanthauza kuti masensa alibe ntchito. Amaona usiku, pa mkuntho ndi pa tchuthi, nthawi zimene palibe amene angapite ndi botolo. Kungoti muyenera kudziwa chimene iliyonse ingathe m'madzi amchere.

Sensa ya mchere ndi ya kutentha n'zolimba, ndipo ndi zoyamba kugula. Ya okosijeni, makamaka yoyeza ndi kuwala, ndi yofunika ngati nkhawa yanu ili pa nsomba ndi zamoyo za pansi. Iikeni pafupi ndi pansi, ndipo muziyang'ana manambala a m'bandakucha, chifukwa ndi pamene okosijeni amatsikitsitsa. Akafika pansi pa mamiligalamu 2 pa lita, zamoyo zambiri zimathawa kapena kufa. Ya kuvunduka kwa madzi imathandiza, koma mafunde akamakokolola mchenga imakwera popanda suweji ina iliyonse. Ya pH siikuuzani zambiri za suweji, chifukwa madzi a m'nyanja amakhala cha pa 8 ndipo sasunthika wamba. Chenjerani kwambiri ndi sensa wamba ya amoniya, mankhwala amene amachuluka m'suweji. Mumtsinje imagwira bwino ntchito, koma m'nyanja sodiyamu ndi potaziyamu wa mumchere amaisokoneza mpaka manambala ake amakhala opanda tanthauzo. Wogulitsa akakulonjezani amoniya wa m'nyanja, mufunseni kuti makinawo amayeza motani. Amene amathadi ndi osakaniza madzi ndi mankhwala m'kati mwake, ndipo mankhwalawo amatha n'kumafuna kuwonjezera. Palinso masensa owalitsa UV amene amazindikira zinthu zonga tryptophan, zochuluka m'suweji. Ndi abwino ngati belu lochenjeza, koma kutentha kwa madzi, matope, ndere ndi mafuta a maboti zimawasuntha, motero ayenera kuyerekezedwa ndi mabotolo a pamalo panu pomwepo.

Tsopano nkhani imene imapha mapulojekiti ambiri. Chilichonse choikidwa m'nyanja chimamera zinthu. Kumayamba zinthu zoterera, kenako ndere, kenako tinkhono tija timamatirira pansi pa maboti. M'madzi ofunda sensa yosatetezedwa imayamba kunama pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Burashi yodzipukuta yokha ndi zokutira za kopa zimatalikitsa nthawiyi, koma sizichotsa ulendo wa boti. Walira mvula walira matope: wogula sensa wagulanso mafuta a boti, woyendetsa, mankhwala ochunira ndi munthu wokhala pa kompyuta kuchotsa manambala olakwika. Njira yabwino ndi kukhala ndi zipangizo ziwiri pa malo amodzi, china chili m'madzi, china chikutsukidwa ndi kuchunidwa kumtunda. Pokasinthanitsa, lembani nambala imene sensa ikupereka isanatsukidwe, ina itatsukidwa, ndipo muyerekeze ndi chipangizo chachiwiri chimene mwabwera nacho. Mukatero mudziwa kuti kulakwitsa kochokera ku zomera n'kungati ndipo kochokera ku sensa yeniyeniyo n'kungati.

Ganiziraninso pomangirira. Choyandama chomangidwa ku nangula pakati pa nyanja chimakumana ndi mkuntho, maukonde, maboti ochigunda ndi akuba sola ndi mabatire. Mlatho wa padoko kapena chipilala chofikika wapansi n'chosavuta kwambiri, bola pakhale pamene madzi a m'paipi amadutsadi. Potumiza manambala, netiweki ya foni imakwanira pafupi ndi gombe, netiweki ya wailesi ya LoRaWAN imadya batire pang'ono, ndipo kutali kwambiri kumafunika setilaiti ngati Iridium. Mulimonsemo chipangizocho chizisunganso manambala m'kati mwake, chifukwa netiweki imakonda kuduka pa mkuntho womwewo umene mukufuna kuuona.

Langizo limene ndingalimbikire kuposa onse pa gawo lino ndi ili: sensa yoyamba iikeni kumtunda, m'paipi momwemo, madzi asanalowe m'nyanja. Mmenemo suweji sinasungunuke, mchere ndi wochepa, magetsi alipo, ndipo munthu amafikapo wapansi. Mita ya kuchuluka kwa madzi, sensa ya kuvunduka, ya amoniya, ndi kachipangizo kolemba nthawi imene suweji yayamba ndi kusiya kusefukira, zimakuchenjezani madzi oipa asanafike kugombe. Ku England malo onse osefukira suweji pa mvula anali ataikidwa tizipangizo totere pofika kumapeto kwa 2023. Tizipangizoti timangonena nthawi, osati kuchuluka kwa madzi otayika, koma ngakhale zimenezo zokha zinasintha kwambiri zimene anthu amadziwa za magombe awo.

Chachisanu: kuona kuchokera kumwamba

Zithunzi za masetilaiti a Sentinel-2 ndi Landsat n'zaulere, choncho palibe chifukwa chosaziyang'ana. Sentinel-2, imene inayamba mu 2015, imaona zinthu za mamita 10 ndipo imabwerera pamalo pakatha masiku pafupifupi 5. Landsat 8 ndi 9 zimaona za mamita 30, pakatha masiku 8, ndipo zimayezanso kutentha kwa madzi a pamwamba. Zithunzi za zaka zambiri zikaikidwa pamodzi zimasonyeza mbali imene madzi ovunduka amakonda kulowera, zimene zimathandiza posankha malo otungira masampulo. Malire ake ndi oonekeratu: siziona mabakiteriya, siziona madzi otsekeredwa pansi, pamalo osaya zimasokonezeka ndi mchenga wa pansi, ndipo tsiku la mvula, limene mukuzifunitsitsa, kumakhala mitambo.

Droni imathandiza pa tsiku lothira utoto, ndiponso posaka mapaipi obisika ndi kamera yoona kutentha. Batire lake silikhalitsa, mphepo ya kugombe imaivutitsa, ndipo m'maiko ambiri pamafunika chilolezo chouluka. Bwerekani ikafunika. Makina oyenda okha pansi pa madzi ndi oyenera mapaipi aatali a m'madzi akuya; pagombe losaya la mafunde amphamvu asiyeni.

Chachisanu ndi chimodzi: zimene zimaunjikana mwakachetechete

Ngati funso lanu ndi la zaka, matope a pansi amakumbukira bwino kuposa madzi. Kamodzi pa chaka, nyengo yomweyomweyo, tapani matope pa mitunda yosiyanasiyana kuchokera pakamwa pa paipi. Matope akuda onunkha ngati dzira lovunda, okhala ndi nyongolotsi zambirimbiri za mtundu umodzi monga Capitella, ndi chizindikiro chakuti zinyalala zowola zachuluka. Ntchitoyi imafuna munthu wodziwa kusiyanitsa tizamoyo timeneti, ndipo anthu otere ndi osowa kuposa makina.

Pa zitsulo zapoizoni ndi mankhwala ochepa kwambiri m'madzi, nkhono zimene zimasefa madzi tsiku lonse zimakuunjikirani; bungwe la ku United States loona za nyanja ndi nyengo la NOAA lakhala likugwiritsa ntchito njira imeneyi kuyambira 1986. Tizipangizo tonyika ngati POCIS timasiyidwa m'madzi masabata angapo n'kumayamwa zotsalira za mankhwala a kuchipatala ndi ophera tizilombo. Kwa oweta nkhono zodyedwa, kuyeza madzi okha sikukwanira. Ku European Union amayeza mnofu wa nkhono weniweniwo, ndipo malire a gulu lapamwamba ndi E. coli 230 m'magalamu 100. Norovirus, mavairasi otsegula m'mimba, amatha kukhalabe mu oyster masabata angapo mabakiteriya atachoka kale.

Chachisanu ndi chiwiri: lumikizani chofulumira ndi chochedwa

Tsiku lililonse lotunga sampulo, lembaninso mvula ya masiku atatu apitawo, kumene mphepo ikuchokera, msinkhu wa mafunde, ngati nyanja ikudzala kapena kuphwa, mchere, kuvunduka kwa madzi, ndi ngati suweji inasefukira. Pakatha nyengo ziwiri kapena zitatu, ikani manambalawa pambali pa zotsatira za ku labotale. Kawirikawiri pamaoneka kachitidwe: mwina mabakiteriya amakwera mvula ikapitirira mlingo wakuti, mphepo ikuwomba molowera kugombe. Pamenepo mukhoza kuchenjeza anthu m'mawa, labotale n'kudzatsimikiza mawa lake. Pulogalamu yaulere ya EPA yotchedwa Virtual Beach inapangidwira ntchito imeneyi, ngakhale tebulo wamba la pakompyuta limakwanira poyambira. Lamulo losavuta nalonso limateteza anthu: ku Los Angeles amalangiza kusalowa m'nyanja kwa maola 72 mvula ikagwa. Choyezera mvula ndi chotchipa kwambiri pa zipangizo zonse zatchulidwa pano, koma nthawi zambiri ndicho chimalosera bwino.

Kulosera kotereku ndi kwa gombe limodzi lokha. Musakukopere ku gombe lina, ndipo paipi kapena ngalande zikasinthidwa, muwerengerenso.

Pomaliza: yezani zosankha zanu pa pepala, kenako m'madzi

Njira iliyonse imene yatsala iyankhe mafunso awa. Kodi imayeza chinthu chimene mukufunacho, kapena chongoyenda nacho limodzi? Yankho limafika nthawi yoti n'kuchitapo kanthu? Imazindikira mlingo wochepa ngati umene uli pamalo panu madzi atasakanikirana? Malamulo amavomereza zotsatira zake? Ikawonongeka amakonza ndani, ali kuti, ndipo zida zosinthira zimatenga masabata angati kufika?

Powerengera ndalama, onkhetsani za zaka zisanu: mtengo wogulira, mankhwala, zisoti za sensa zimene zimatha, maulendo a boti, malipiro, ndalama za pamwezi zoonera manambala anu pa intaneti, ndi chipangizo chimodzi chimene nyanja idzatenge. Si zachilendo kuti zoyendetsera zipose mtengo wogulira. Ngati thandizo la ndalama ndi la zaka ziwiri zokha, gulani zimene mudzathe kuzisamalira nokha chaka chachitatu.

Musasaine mgwirizano waukulu musanayese chipangizocho m'madzi anu kwa miyezi ingapo, kuphatikizapo nyengo ya mvula, mukutunga mabotolo pambali pake. Pemphani kuti mulankhule ndi ena amene achigwiritsa ntchito m'nyanja yamchere, osati mumtsinje kapena m'damu. Mgwirizanowo unene momveka kuti manambala ndi anu, ndipo mukhoza kuwatsitsa onse m'fayilo wamba ngakhale mutasiyana ndi kampaniyo. Labotale imene mwasankha ikhale yovomerezeka pa muyezo wa ISO 17025 pa kuyeza kumene mukufunako, ndipo nthawi zina muziitumizira mabotolo awiri a madzi amodzimodzi, kapena botolo la madzi oyera, osaiuza.

Zikatha izi bwererani ku pepala loyamba lija, mulembepo mlingo umene ukapitiriridwa chikwangwani chiimikidwe, mlingo woti chichotsedwe, dzina la udindo wa woimika, ndi nambala ya foni ya woyang'anira malo oyeretsera suweji. Nambalayo muiyese Loweruka madzulo, muone ngati pali woyankha.